Ndani Athire Mchere mu Tchizi cha Nkhosa

Voisi ija ndikadali nayo mufoni. Ndi yaifupi, kumbuyo kukumveka mbale zikugundana ndi munthu wina akukalipa m'chilankhulo chomwe sindichidziwa. Adada anaijambula ali kukhitchini ya lesitilanti ku Joni, komwe anayamba ndi kutsuka mapoto, kenaka n'kuwakweza kuti azidula anyezi ndi tomato. Poyamba anatumiza chithunzi: ndowa yoyera ya pulasitiki, m'katimo madzi otuwa, m'madzimo timabuloko toyera. Ine ndinayankha pompo, ndinati Adada mwayamba kuviika chinangwa ku Joni? Ndiye voisi ija inabwera.

"Iwe, chinangwa cha chani. Ichi ndi tchizi, kuno amati feta. Mkaka wake ndi wa nkhosa, wamva? Mberere zenizeni, zomwe zija za kwathu. Amachisunga m'madzi amchere, sichiwola msanga. Zinyenyeswa za pansi pa ndowa amatisiyira ife, timadyera buledi ndi tomato. Chikunowa chomene, n'chokoma zedi. Uwauze amama ako, Disembala ndibwera nacho."

Sanafike Disembala. Anadwala chifuwa, masiku ochepa chabe, ndipo anabwera mwezi wa Ogasiti m'bokosi, pa kangolo kokokedwa ndi minibasi, pamwamba pa bokosilo atamangapo mabulangete ndi katundu wa anthu ena.

Maliro anachitikira ku Engutwini, kwawo kwa Adada. Ine ntchito yanga inali ya mafoni. Anzawo a ku Joni ankafuna zithunzi, wina vidiyo ya kumanda, wina ankafuna kulankhula ndi Amama, ndiye ndinkangokwera chulu cha kuseri kwa khola, pomwe netiweki imagwira, kutsika, kukweranso. Azimayi ankandiyang'ana. Ndinamva wina akuti mwana uyu salira bwanji. Ndinayesa, ndinakhala pansi pakati pawo, ndinadziphimba chitenje kumutu. Palibe chinatuluka. Ndinkangoganiza kuti batire yatsala pang'ono.

Titabwerera ku boma, kunyumba ya lendi ija ya kumunsi kwa msika, Ankhazi, mlongo wawo wa Adada, anabwera nafe kudzakhala ndi Amama monga mwa mwambo. Amama anavala zakuda, anayala mphasa pabalaza, nsana kukhoma, ndipo anakhala pamenepo. Ankadzuka popita kuchimbudzi ndi kubafa basi. Sankalira nawonso. Ukawapatsa phala ankatapa masipuni awiri atatu, n'kukankhira mbale kumbali mwaulemu, ngati ali kwa eni ake. Usipa ayi, nyemba ayi. Ankhazi anawaphera nkhuku, iwo anangomwa msuzi pang'ono, yotsalayo tinadya ine ndi Ankhazi osayang'anana.

Chitenje chinayamba kuwazungulira Amama mopitirira. Mphete anaivula okha chifukwa inkagwa. Anesi amene timakhala nawo mpanda umodzi, a ku Ntcheu, analowa tsiku lina akuchokera kuntchito, anawayang'ana m'maso, anawatsina khungu la padzanja, kenaka anandiitanira panja.

"Mayiwa akapitiriza chonchi tikawagoneka pa diripi. Ndipo diripi si chakudya. Pezani chilichonse chomwe angadye, chilichonse, kaya ndi zibwente, kaya ndi chani."

Ndinati chabwino. Ndinalowa, ndinakhala pampando, n'kuyamba kuyendetsa chala pafoni. Masiku amenewo ndinkaonera zinthu zomwe sindikuzikumbukanso. Anthu akuvina, anthu akukonza magalimoto, munthu akutsuka kapeti. Bandulo ikatha ndinkangoyang'ana zithunzi zakale. Mavoisi a Adada ndinkawatsegula mmodzimmodzi ngati ndikumvera wayilesi, osamva kalikonse m'mtima.

Tsiku lina masana ndinaiwala kuika mahedifoni. Voisi ya tchizi ija inalira pabalaza ponse. Ankhazi anati, "Iwe, zimitsa icho." Ndinazimitsa. Amama, amene sabata yonse anali asanapemphe kanthu, ngakhale madzi, anati, "Bwerezanso."

Ndinabwereza. Itatha anati, "Mberere amakama?"

"Kumeneko amakama, Amama."

"Hmm."

Basi. Koma mawa lake anaipemphanso, ndi mkuja lake. Ina iliyonse ayi, iyo yokhayo. Ndipo ine m'mutu mwanga munalowa kanthu kamodzi: mwina ichi angadye.

Ndiye ndinayamba kufufuza, ndipo apa ndiye ndimalongolola, mundipirire. Tchizi chimenechi si chachikasu chija chimasungunuka pamoto. Ichi ndi choyera ngati choko, chimanyenyeka ukachigwira, chowawasa pang'ono ngati chambiko, ndipo mchere wake ndi wambiri dala. Eni ake ndi anthu a kumapiri a maiko otentha, oweta nkhosa, omwe analibe mafiriji ngati ife, ndiye anapeza kuti ukaumitsa mkaka n'kuumiza m'madzi amchere umakhala nthawi yaitali. Ndiye kuti chinayamba ngati chakudya cha anthu osauka! Koma kuno chimapezeka m'mashopu akuluakulu a m'tauni okha, kapaketi kakang'ono ngati sopo, mtengo wake ndiwo za sabata. Pa boma pano ndinafunsa shopu ndi shopu. Wina anandipatsa majarini.

Ndinaonera mavidiyo mpaka maso kuwawa. Agogo ena achizungu a mpango kumutu, mnyamata wina wa ndevu wolankhula mothamanga, mayi wina wa ku West Africa. Eni ake enieni amathira kamankhwala kochokera m'chifu cha kamwana ka nkhosa kuti mkaka ugwirane, kuno kulibe zimenezo. Koma pali njira ya osauka: chambiko ndi mandimu. Sichituluka ndendende ngati cha mundowa ya Adada, ndisakunamizeni, koma chimayandikira. Vuto linali limodzi. Mkaka wa nkhosa ndiutenga kuti? Ku Mzimba kuno tikudziwa ng'ombe. Mbuzi ena amakama akakhala ndi wodwala. Nkhosa ndi ya nyama basi.

Pamsika pali ankolo ena Achisilamu a shopu ya zakumwa ndi sopo, komwe ndinkatchajitsa foni magetsi akathima kwathu. Kuseri kwa nyumba yawo amasunga nkhosa zochepa za pa chikondwerero chawo. Sabata imeneyo kamwana ka nkhosa imodzi kanali katagundidwa ndi lole ya matabwa ya ku Chikangawa, ndipo make ankangolira kuseriko, bere litatupa. Ndinawafotokozera zonse, mothamanga, ndikuwaonetsa vidiyo. Anamvetsera mpaka kumapeto atagwira ndevu.

"Mwanangu, ndakhala ndikuweta nkhosa usanabadwe, sindinaonepo munthu akuigwira kumeneko. Ikakumenya usadzandisumire."

"Sindidzakusumirani, Ankolo."

"Kakame. Uithandizanso, ikuvutika. Koma fulumira, yopanda mwana siichedwa kuuma."

Kukama nkhosa si kukama ng'ombe. Timawere take ndi tating'ono, umagwira ndi zala ziwiri, ndipo mchira wake wamafuta uja umangokuphimba manja. Tsiku loyamba inaponda m'kapu. Lachiwiri akazi awo a Ankolo anandigwirira mutu wake pakati pa miyendo, akuseka mpaka misozi, akuitana anzawo a nyumba yoyandikana kuti adzaone mtsikana wa chitumbuka akukama nkhosa. Ine sindinkaseka, sindinkachita manyazi. Ndinkangoyang'ana kapu. Mkaka wake ndi wochepa, patsiku kapu imodzi osadzaza, koma ndi wolemera, woterera pazala, wonunkhira ubweya pang'ono. Ndinkausefa pa kansalu, kuuwiritsa, ukazizira kuuthira m'botolo, Ankolo n'kuliika pansi pa firiji yawo pamodzi ndi mafirizi kuti uume gwa.

Podikira kuti uchuluke ndinayeserera ndi wa ng'ombe wa pamsika. Koyamba ndinathira mandimu mkaka ukubwadamuka, chinatuluka cholimba ngati labala ya patapata. Kachiwiri chinaoneka bwino, ndinachiika m'madzi amchere, m'mawa ndinapeza phala loyera, chasungunuka chonse. Ankhazi anasuzumira m'botolomo.

"Ndiye zimenezi ndi zomwe ukuthera data? Amasi, mkaka wowawasa uja, tikuwadziwa ife, agogo ako ankasunga m'chipanda, sankafuna foni."

Ndinabwerera ku mavidiyo ndipo ndinapeza cholakwika. Madzi amchere aja sukuyenera kutunga a pampopi okha. Umatenga madzi achikasu aja amene amatsala mkaka ukagwirana, omwe ambiri timataya, ndi amene umathiramo mchere. Tchizi chikakhala m'madzi ake omwe sichisungunuka. Ndipo mchere uzikhala wambiri mpaka dzira laliwisi liyandame. Ndinawauza Ankhazi za dziralo. Anati, "Ndi mazira omwe uwononge."

Amama ankaona zonsezi ali pamphasa. Sankafunsa. Anesi anabweranso, anawayeza, ndipo potuluka anangondigwira paphewa. Nkhosa nayo inayamba kuchepetsa. Theka la kapu, kenaka pansi pa kapu, kenaka timadontho. Ankolo anati basi mwanangu, yauma. Anatulutsa mabotolo anga mufiriji, anawaika m'jumbo. Onse pamodzi sanadzaze poto wathu wa nyemba. Umenewo ndi umene unalipo, wina kunalibe.

Linali Lachinayi, mwezi wa Okutobala, kutentha kwa malata kuja. Mkaka uja ndinausungunula, ndinautenthetsa pa mbaula mpaka utsi kuyamba kutuluka koma osawira, ndinauphula, utafunda ndinathiramo chambiko pang'ono n'kuvundikira kuti uwawase. Chakumadzulo ndinautenthetsanso pang'onopang'ono, n'kumathira madzi a mandimu sipuni imodzi imodzi, osatakasa mwamphamvu. Ndiye umaona ukupatukana, zoyera uku, madzi achikasu uku. Wa nkhosa umatulutsa zoyera zambiri kuposa wa ng'ombe, ndinadabwa. Ndinakhuthulira pa kansalu kowiritsa, madziwo ndinawasunga mu poto, ndinamanga kansaluko, kuika pakati pa mbale ziwiri, pamwamba ndinatsamiritsa chigubu cha madzi.

M'mawa wa Lachisanu ndinamasula. Chinali chitagwira. Chozungulira, choyera, kukula ngati chikhatho changa, mizere ya nsalu ikuoneka pamwamba. Ndinachidula timabuloko ngati ta pachithunzi cha Adada. Madzi achikasu aja ndinali nditawawiritsa, atazizira, botolo lagalasi nditalitsuka ndi madzi otentha, dzira lili pambali. Ndinatenga paketi ya mchere, ndinaing'amba ndi mano.

Ankhazi anandigwira dzanja. Sindinawamve akubwera.

"Ukutani?"

"Ndikuthira mchere, Ankhazi."

"Iwe? Lero?"

Tinkagona chipinda chimodzi, ankadziwa. Ndinali kumwezi, ndinali nditayamba dzulo lake. Ine zinali zitandichoka m'mutu. Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'chakudya, amaphika zonse koma mcherewo amathira wina, apo ayi odyawo amadwala mdulo, chifuwa chimawagwira, miyendo kutupa, makamaka wofooka kale. Amama anandiphunzitsa ndili wamng'ono, ndipo masiku otere ankangobwera okha kudzathira m'ndiwo osanena kanthu. Koma chimwalirireni Adada, wophika anali Ankhazi, ine ndinali nditaiwala.

"Si ndiwo izi, Ankhazi. Ndi madzi chabe."

"Madziwo alowa kuti? Si m'chinthu chakocho? Ndipo adya ndani? Uwayang'ane amama ako momwe aliri. Mbale wanga wapita ndi chifuwa, ufuna tinyamulenso wina?"

Ndinati ndiye thirani inu. Anabweza manja kumbuyo.

"Ine yayi. Mkaka wa mberere? Ine sindiikapo dzanja. Zinthu zosadziwika, mawa wina atsegule m'mimba muzidzati Ankhazi ndi amene anathira. Dikira uthe masiku ako."

"Sichingadikire. Kutentha kumeneku chifika mawa chitanunkha."

"Mbwenu chinunkhe."

Anapita kukachapa. Ine ndinatsala ndi paketi yong'amba m'manja. Ndikanatha kuthira, anali atandipatsa nsana. Sindikudziwa ngati ndimakhulupirira za mdulo. Ndikafunsidwa pagulu ndimati ndi zakale. Koma dzanja silinapite. Ndinkangoona miyendo ya Amama pamphasa paja, yoonda ngati ya mwana.

Ndinathamangira kwa anesi, loko pachitseko, anali pa ntchito mpaka madzulo. Ndinapita kumsika, shopu ya Ankolo yotseka, Lachisanu masana onse ali ku mzikiti, akazi awo atapita kumudzi. Firiji ili m'kati mwa shopu. Ndinabwerera. Ndinavundikira timabuloko tija ndi mbale, ndinakhala pakhonde, ndinatsegula foni. Ndinalemba m'Chingerezi changa chothyokathyoka kufunsa ngati mkazi wa kumwezi angathire mchere mu tchizi. Inandibweretsera za mankhwala a m'mimba. Ndinalembanso mwanjira ina. Inandibweretsera mavidiyo omwe aja, agogo a mpango aja akuthira mchere ndi dzanja lonse, akumwetulira. Ndinangokhala. Dzuwa linafika pamapazi, sindinasunthe. Ntchentche zinayamba kuzungulira mbale. Sindinakwiye, sindinkafuna kulira, ndinkangowerenga makomenti a pansi pa vidiyo, anthu a maiko ena akuthokozana.

"Iwe."

Anali Amama, kuchokera m'nyumba.

"Bwera nazo kuno."

Ndinanyamula poto wa madzi achikasu, mchere, dzira, mbale ya tchizi, ndinaika zonse pamphasa. Anayang'ana. Kenaka anati pano pali mdima, anagwira khoma, anadzuka. Ndinafuna kuwagwira, anandikankha dzanja. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhonde la kuseri, pomwe timaphikira, anakhala pa kampando kawo kaja kamene palibe anakhalapo chibwerereni ku maliro. Kuwala kunawapweteka m'maso, anaphimba ndi dzanja.

Ankhazi anasiya kuchapa. "Mulamu, mukudzivutitsiranji ndi zamasewera za mwana?"

"Mchere wa m'nyumba muno ndimathira ndine, mulamu," anatero Amama. Sanakweze mawu. Anatembenukira kwa ine. "Wochuluka bwanji?"

"Mpaka dzira liyandame."

"Dzira?"

"Eya. Mukaliika likamira ndiye kuti sunakwane."

Anatapa ndi dzanja monga amachitira m'ndiwo, katsinidwe kamodzi. Ndinati Amama, wambiri. Anatapa kachiwiri. Ndinati wambiri chomene, dzanja lonse. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anathira, anatakasa ndi chipande, anaika dzira. Linamira mpaka pansi. Anathiranso, linamira. Ankhazi anali atafika pafupi, thovu la sopo m'manja, akusuzumira.

"Mchere wa mwezi wathunthu uwu."

Kenaka dzira linadzuka pansi, linaima chilili pakati pa madzi, osamira osayandama. Amama anati, "Taonani." Anawonjezera pang'ono. Linakwera, kansonga kake kanatulukira pamwamba.

Ndiye anachita zimene mkazi aliyense amachita akathira mchere, osaganiza n'komwe. Anaviika chala, n'kulawa. Nkhope yonse inakwinyika. Analavulira pambali.

"Adada ako ankadya zimenezi?"

"Madziwo samwa, Amama. Amadya tchizicho."

Anatenga kabuloko kamodzi kosathira mchere, anakatembenuza, ananunkhiza, anabenthula kakona n'kuika pakamwa. Anatafuna nthawi yaitali.

"Amasi," anatero.

"Ndinanena ine," anatero Ankhazi.

Anaika okha timabuloko m'botolo, kamodzikamodzi, anathira madzi aja mpaka tonse tamira, anatseka. Anafunsa kuti chikhala mpaka liti. Ndinati masiku angapo, chilowe mchere. Anati ndiike kuseri kwa mtsuko wa madzi akumwa, pozizira, ndiphimbe ndi nsalu yonyowa. Zimenezo m'mavidiyo munalibe. Kenaka anati mkamwa mwawo muli mchere wokhawokha, ndiwapangire tiyi. Anamwa kapu yonse ali pakhonde pomwepo. Dzira lija Ankhazi analitsuka, analiwiritsa, anawasendera Amama, ndipo iwo anadya theka.

Masiku otsatirawo ankadzuka m'mawa kukanyowetsa nsalu ija. Ankabwerera pamphasa, inde, koma ankadzuka. Kwinaku akufunsa, lero? Ine ndinkati mawa. Kunena zoona ndinkaopa kutsegula, ndinkati ndikapeza phala ngati lija ndidzatani.

Sichinasungunuke. Tsiku lomwe tinatsegula ndinagula buledi ndi tomato, monga mwa voisi ija. Ndinavuula kabuloko kamodzi ndi sipuni youma, chinali chitalimba, chikunyenyeka m'mbali. Ndinachitsukuluza m'madzi ozizira pang'ono, ndinadula tomato, ndinanyenyera pamwamba, kadontho ka mafuta ophikira. Amama anatenga buledi, anatapa, anadya. Ine ndinkayang'ana pakhosi pawo.

"Mchere," anatero. Anatafunabe. "Munthu uja ankakonda mchere. Ndinkamuletsa."

Anatapanso. Anamaliza chidutswa cha buledi, anatenga china. Ankhazi anakana kulawa, kenaka Amama atapita kukasamba m'manja ndinawaona akutola kanyenyeswa pambale ndi chala.

Botolo lija tinalidya pang'onopang'ono, pajatu ubwino wake ndi womwewo, kabuloko kamodzi kamakwana anthu atatu chifukwa sumadya ngati nyama, umanyenyera ngati mchere. Tinaika pa mbatata yootcha. Pa nkhwani wopanda nsinjiro, ndipo m'ndiwomo suthiranso mchere wina. Pa dzira lokazinga. Chikakuwawira mchere umachiviika m'madzi kapena mumkaka kanthawi. Chachikulu chizikhala chomira nthawi zonse, usalowetsemo zala, ndipo chikayamba kuterera kapena fungo kusintha, taya, osachimvera chisoni. Amama anayamba ndi icho, kenaka mbatata yopanda icho, kenaka nyemba. Pa diripi sanapite. Anesi atamva nkhani yonse anaseka, anati mcherewo tichepetseko tsopano, tingawadzutsire matenda ena.

Nkhosa ija inaphedwa pa chikondwerero chawo chotsatira, Ankolo anatitumizira mwendo. Kuchokera pamenepo sindinapezenso mkaka wa nkhosa. Ndimapanga ndi wa ng'ombe, ndikapeza wa mbuzi ndimasakaniza, chimakoma ndithu koma sichilemera ngati chija. Mchere amathira ndi Amama, kaya ndili kumwezi kaya ayi, sitinakambiranepo, zinangokhala choncho.

Kabuloko komaliza ka botolo loyamba lija kanali katanyenyekera pansi, zinyenyeswa zokhazokha m'madzi otuwa. Amama anazisefa ndi sipuni, anaziika pa buledi, anandigawira theka. Anati ndiike voisi ija. Ndinaika foni pamphasa pakati pathu. Mbale zinagundana, munthu uja anakalipa, Adada anati Disembala ndibwera nacho. Tinali kale mu Novembala. Tinadya, itatha foni inazima yokha, ndipo Amama anatenga botolo kukalitsuka.